Mphasa Yachiwiri ku Limbe

Tinakwatirana nthawi imene sitima inali idakali yachilendo ku Limbe, anthu akuchoka kumidzi kudzangoonerera utsi wake. Amuna anga ankagwira ntchito kunjanji, yolumikiza mabogi a sitima. Ndi ntchito yofuna maso, chifukwa munthu amaima pakati pa zitsulo ziwiri zikubwera kudzagundana, ndipo akangosinza pang'ono dzanja limatsala pomwepo. Tinkakhala m'kanyumba kaudzu kuseri kwa msika, ine ndisakudziwa aliyense kupatula amayi angapo a kumpingo.

Posakhalitsa ndinayamba kuona kuti bambowo maso akufiira. Ankasinza ali chikhalire, nkhani ili m'kamwa. Tsiku lina anabwera chala atachimanga ndi kansanza, nati kapitawo wawakalipira kuti amagona choimirira. Ndikafunsa chimene chikuwavuta ankangoti, "Palibe kanthu, mayi." Kenaka, osandiuza, anagula mphasa ina n'kukayala m'kakhitchini kathu panja.

Mtima wanga sunakhalenso m'malo. Alangizi anali atandiuza momveka ndisanalowe m'banja kuti mwamuna akachoka pamphasa popanda maliro, matenda kapena mwana wakhanda, ndiye kuti wapeza pofunda pena. Maso ofiirawo ndinati ndi a munthu woyenda usiku. Mkazi aliyense wogulitsa mowa pafupi ndi siteshoni ndinkamuyang'ana n'kumati kapena ndi ameneyu. Ine ndine wosachedwa kupsa mtima, koma masiku amenewo ukali unandithawa. Kunatsala mantha okhaokha, akuti ndibwerera kwathu mtolo uli pamutu, anthu n'kumati banja lamukanika.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mandala, kumene atsibweni anga, omwe anali nkhoswe yanga, ankagwira ntchito yaulonda. Lamulungu lotsatira titaweruka kutchalitchi anabwera pamodzi ndi akulu awo a amuna anga, nkhoswe ya kuchimuna. Tinakhala pamthunzi kuseri kwa nyumba.

"Akamwini," anayamba atsibweni, "mwana wathuyu wakulakwirani chiyani kuti mumuthawe pamphasa?"

"Sanalakwe kanthu."

"Nanga kuli wina?"

Amuna anga anawerama n'kumakanda dothi ndi kamtengo. Akulu awo anawakalipira mpaka thukuta, ndipo ankhoswe onse awiri anagamula kuti bambowo andipepese ndi nkhuku, abwererenso pamphasa tsiku lomwelo. Iwo anangoti, "Ndamva," n'kupita kukafuna nkhuku kwa anthu oyandikana nawo nyumba.

Alendo atapita ndinakhala ndikusosola nkhukuyo, misozi ikugwera pa nthenga. Bambowo anadzanjuta pafupi nane n'kulankhula motsitsa mawu.

"Mayi, kulibe mkazi wina. Inuyo mumaliza mkonono. Mukagona chammbali mumakhala chete, koma mukangotembenuka chagada, ine tulo basi twatha."

"Bwanji osanena pamaso pa ankhoswe?"

"Ndikananena, mawa kuchitsime mukanatunga madzi bwanji? Nkhani yotere sigona."

Ndinafuna nthaka itang'ambika ndilowemo. Manyazi asanathe, kunabwera china choopsa kuposa manyaziwo. Walira mvula walira matope. Ndinali nditaitana ankhoswe ndekha, iwo agamula, ndipo chigamulo cha ankhoswe sachiphwanya. Munthuyu tsopano ayenera kugona pambali panga, kukacha n'kukaima pakati pa mabogi.

Madzulo omwewo ndinatola chitsononkho cha chimanga, n'kuchikulunga m'kansalu, n'kudzimangirira kumsana monga amaberekera mwana. Ndikati nditembenuke chagada chinkandibaya, ine n'kubwerera chammbali. Kumutu ndinaunjika nsalu zakale kuti kukwere. Msana unatupa, pena khungu linasupuka, koma sindinachivule, ngakhale pamene ndinali ndi pakati. Tulo tanga tinasanduka twa mbalame, ndikungodzidzimuka kuti ndimve ngati akupuma ngati munthu wagona.

M'mawa uliwonse ndinkawafunsa, "Mwagona, bambo?"

"Ndagona bwino, mayi."

Ankayankha chimodzimodzi nthawi zonse, akumwetulira, n'kunyamuka ulendo wa kunjanji. Koma munthu amene analipira nkhuku pa mlandu umene sanapalamule, pofuna kuti ine ndisasekedwe, ndikanamukhulupirira bwanji? Ndinkatsala pakhomo ndikusinja, makutu ali kusiteshoni, ndipo mabogi akagunda ndinkaimitsa munsi m'mwamba, kudikira ngati kumveke kulira kwa munthu.