Ndani Andiyanike Chaka Chino?

Mwera wayambanso, alamu anga a NyaMhone, ndipo ndakukwiyirani. Matenda anga aja ongokhumudwa popanda chifukwa, amene masiku ano ndimamwera mapiritsi, amakula Juni akafika. Lero ndi tsiku lachitatu ndili m'nyumba osatuluka. Mukukumbuka ku Usisya nthawi ya chitaganya, nditangokwatiwa, achimwene anu atapita kukagwira ntchito ku Halale? Matenda omwewa atandigoneka m'nyumba, mudzi wonse unkati ndine waulesi. Inu munalowa osaodira, n'kundilanda bulangete, n'kundisenzetsa dengu la chinangwa chongovuula kumene. "Tiyeni kuthanthwe. Simukagwira ntchito ayi, muzikangoingitsa mbuzi." Munayanika chinangwacho ine nditakhala pambali pake, dzuwa likundiwotcha kumsana, mpaka ndinamva njala koyamba sabata yonseyo. Mawa lake munabweranso.

Pano adzukulu amandikonda, koma chikondi chawo n'chotseka mawindo ndi kundifunditsa mabulangete awiri. "Agogo gonani, kunja kukuzizira." Ndikawauza za thanthwe lija amangoseka. Onse amaodira mwaulemu, ndipo ndikati chokani, amachokadi. Inu simunkachoka. Munapitiranji msanga, alamu? Ndani andiyanike chaka chino?