Tsiku Limene Wailesi ya Ba Cephas Inakhala Chete

Ba Silas Sakala anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete ali ndi zaka makumi awiri, atanyamula satifiketi ya zamagetsi m'thumba la malaya. Analembedwa ntchito pa kampani ina ya matelefoni, ndipo kumeneko anaphunzira kuti uthenga woyenda pa waya kapena mumphepo umabwera ndi kagundidwe kake. Makina olandira akaphonya kagundidweko, mawu samveka.

Kampaniyo itachepetsa antchito, iwo anatsegula kantemba, kashopu kakang'ono, ku Kanyama, pafupi ndi pokwerera minibasi, n'kumakonza mawailesi ndi ma TV. Mkazi wawo anamwalira, ana anabalalika. Anali munthu wosayankhulayankhula, wa magalasi omangidwa ndi waya, wonyadira kuti chimene wakonza sichibwereranso.

Ku Kanyama mvula ikagwa madzi sakhala ndi kolowera, ndipo magetsi akathima masiku awiri mafoni amafa. Choncho anthu ena ongodzipereka anapanga kagulu konyamula odwala pa galimoto yakale ya Ba Cephas. Wapampando wawo anali Ba Towera, mayi wogulitsa salaula, zovala za kaunjika. Gululo linali ndi mawailesi am'manja asanu ndi imodzi, akale, olankhulirana. Koma ankasokosera koopsa, mawu akudukaduka.

"Ba Sakala, tichosereni chongo ichi," anatero Ba Towera ataakhuthulira pa tebulo. "Ba Cephas bamazimya yao, ati ibaŵaŵisa mutu."

"Ningachose, mayo," anayankha Ba Silas. "Koma mukati umu muli monga kakhomo. Nikakachepesa, chongo sichingena. Manje wailesi ya munzanu ikapya na zuba, olo batire ikafooka, kagundidwe kake kamasendera. Apo iyi siizakwanisa kuikonkha."

"Nanga mukakasiya kosegula?"

"Izaikonkha, koma na chongo chonse."

"Chosani chabe. Wailesi yozimya ithandiza ndani?"

Ba Silas ankadziwa kuti poyenera kuimika mpapakati, potsala kaphokoso pang'ono. Koma ankafuna anthu aone luso lawo. Anachepetsa mpaka phokoso lonse linatha. Anayesa m'mawa kukuzizira, mabatire ali odzaza, ndipo mawu anamveka bwino ngati munthu ali pambali pako. Gulu lonse linawayamika.

Mu Januwale mvula inagwa masiku atatu, kenako dzuwa linaswa mtengo. Magetsi kunalibe. Masana a tsikulo Vera, mayi wachitsikana amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, anayamba kutaya magazi. Woyandikana naye nyumba, Ba Lushomo, anali wa m'gululo. Wailesi yawo inali itakhala pawindo padzuwa kuyambira m'mawa, batire itatsala pang'ono kutha. Anaitana, anaitana, pafupifupi ola lathunthu. Nthawi yonseyo Ba Cephas anali pansi pa mtengo pafupi ndi galimoto yawo, wailesi yoyatsa ili pachifuwa, ili zii.

Pomaliza amuna awiri anamunyamula Vera pa wilibala, akudutsa m'madzi ofika m'mawondo. Anafika naye kuchipatala atatsirizika kale. Mwananso sanapulumuke.

Anthu anati mawailesiwo ngokalamba, basi. Koma Ba Silas atamva, anakayikira. Anakatenga wailesi ya Ba Lushomo ndi ya Ba Cephas. Yoyambayo anaiika padzuwa mpaka itatentha, n'kuitana. Inzake inangokhala chete. Ataiziziritsa yoyambayo pamthunzi, mawu anatuluka. Anabwereza katatu, ndipo katatu konseko zinachitika chimodzimodzi.

Anapita kunyumba ya maliro, n'kuitanira Ba Towera kuseri kwa tenti.

"Si ukalamba wa mawailesi," anatero. "Ni ine. Ninachepesa kakhomo maningi, kupitilira malire."

Ba Towera anagwira pakamwa. "Koma nine ninakuuzani kuti muchose."

"Imwe simunaziŵe pamene ninafika. Ine ninaziŵa."

Mayiwo anayang'ana matope. Kenako anati, "Musauze munthu. Ŵanthu ŵali na ukali, angakushokereni kantemba na moto."

Sabata imeneyo Ba Silas anatsegulanso mawailesi onse asanu ndi imodzi. Anawayesa padzuwa, pamthunzi, ndi mabatire ofooka, mpaka atakhutira. Phokoso linabwerera pang'ono, Ba Cephas anang'ung'udza, koma gululo likugwirabe nawo ntchito mpaka lero.

Ba Silas okha ndiwo sanabwererenso mwakale. Katundu wa anthu ankagona miyezi osakhudzidwa. Chaka chisanathe anatseka kantemba, ndipo pamalopo pano pali wogulitsa makala.

Masiku ano Ba Silas amakhala pa benchi panja pa chipinda chawo cha lendi. Mwamuna wa malemu Vera, amene amayendetsa wilibala ku msika, amadutsa pomwepo m'mawa uliwonse. Sadziwa kanthu. Amaima, n'kupereka moni mwaulemu: "Mwauka bwanji, ba tate?" Ba Silas akonzekera kambirimbiri kuti amuuze, koma chimene chimatuluka pakamwa pawo ndi "Tauka bwino," ndipo mwamunayo amakankha wilibala yake n'kumapita.