Mtsikana Amene Anabisala Kuseri kwa Thileyi

Alendo onse atapita, Namanyazi anatsala yekha kukhitchini ya kuseri kwa holo, manja ali m'sinki, misozi ikugwera m'thovu. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kukoleji yophunzitsa ntchito za m'mahotela, ndipo linamukwana ngati malaya omusokera.

Anali mwana wamasiye, woleredwa ndi azakhali ake ochapa zovala za anthu. Azakhaliwo, ngakhale chifuwa chinkawasautsa, anali ndi khumbo limodzi. "Tsiku limene udzandipatse tiyi kuhotela, ndidzakhala mwendo uli pamwamba," ankatero. "Ndidzakubweza kawiri kuti wazizira!"

Tsiku limene analira kukhitchini lija, kalabu ya ophunzira inaitana mabwana a mahotela kudzacheza. Pamacheza amenewa ndi pamene mabwanawo ankasankha ophunzira oti akayesere ntchito kwawo, ndipo wosasankhidwa ankadikira chaka china.

Namanyazi atalowa m'holomo n'kuona masuti okhaokha, mtima unamuthawa. Pathebulo panali thileyi ya matambula. Anainyamula. Abale, thileyi ndi pobisalira pabwino, chifukwa woinyamula safunsidwa kuti ndi mwana wa yani. Anazungulira nayo masana onse, msana uli chilili, osataya ngakhale dontho, monga anaphunzirira m'kalasi. Mabwana ankangotenga matambula osamuyang'ana n'komwe, pamene anzake ankagwirana nawo chanza n'kumatchula mayina awo.

Mphunzitsi wake anamupeza pasinkipo.

"Mwana iwe, anakutuma ndani kuperekera zakumwa? Unaitanidwa kudzacheza. Bwana wina amafunsa wophunzira amene wakhoza kuposa onse, ine n'kumakusaka pakati pa anzako!"

"Ndimati ndithandizeko, aphunzitsi."

"Umabisala. Manyazi anapha lambe."

Malo onse oyesera ntchito anali atapita. Atakawauza azakhali, iwo sanakalipe. Anangoti, "Chaka si kanthu, mwanawe, ndidikira." Kufatsa kwawoko kunamupweteka kuposa kukalipa.

Kuyambira pamenepo anadzikakamiza. Msonkhano uliwonse wa kalabu ankapitako, manja atawabisa kumbuyo kuti asatole kanthu. Moni wake woyamba unatuluka ngati wa munthu wotsamwa. Bwana wina anamuyankha maso ali pafoni, wina anaiwala dzina lake pompo. Ankabwerera kuchipinda nkhope ili yotentha, koma msonkhano wina ukafika ankapitanso.

Chaka chitatha, mabwana atabweranso kudzacheza, mayi wina woyang'anira hotela anamufunsa zimene angachite mlendo atamulalatira popanda chifukwa. Namanyazi anayankha momveka, akumuyang'ana m'maso. Mayiyo anamutenga, ndipo sanamusiyenso.

Lero ndi mkulu wa chipinda chodyera pahotela yomweyo, ndipo amene akumudziwa tsopano sakhulupirira kuti anali wamanyazi. Koma nkhaniyi sindingaikometsere. Azakhali aja chifuwa chinawatenga kutatsala milungu yochepa kuti mwana wawo ayambe ntchito. Tiyi uja sanamwe. Zimamuwawa mpaka pano, chifukwa akudziwa kuti chakacho sanamulande munthu, anachitaya yekha masana amodzi.

Inu amene mwagwa, dzukani, musafe mtima, mwayi umabweranso. Koma inu amene mwaima pakona mukudikira kuti mantha athe, tulukani mupereke moni lero. Anthu amene akudikira kuti akuoneni mutakwera sadzakhalapo mpaka kalekale.