Mayi Amene Analoweza Moyo wa Munthu Wina

Seol Miran analephera mayeso olankhula Chingerezi ali ndi zaka 43, ndipo chimene chinamugwetsa ndi galu. Galu woti sanamuwetepo n'komwe.

Anali m'kachipinda ka mayeso ku Busan, mahedifoni ali m'makutu, kompyuta ili patsogolo. Mawu a mayi wa m'kompyutamo anati: "Mwanena kuti muli ndi galu. Tandiuzani za tsiku limene galu wanu anadwala. Munatani?"

Dzina la galuyo Miran analiloweza, mtundu wake anauloweza, ngakhale chakudya chimene amakonda. Koma zoti anadwalapo, m'kabuku kamene analoweza munalibe. Anangoti duu, uku anzake m'tizipinda tina akubwebweta ngati wailesi. Nthawi inatha asananene kanthu, ndipo mafunso otsatira onse anawayankha mutu utabalalika kale.

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, tandimverani ndikuuzeni mmene munthu wamkulu, wanzeru zake, anafikira pamenepa.

Kwa zaka zisanu ndi zinayi Miran ankadwazika bambo ake, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Anasiya ntchito ya mu ofesi kuno ku Geoje, nabwerera m'kanyumba ka makolo ake kumtunda kwa doko. Mchimwene wake wa ku Seoul ankadwazika pa foni, mukuwadziwa achibale oterowo. Bambo atamwalira, Miran anatsala yekha m'nyumbamo. Ntchito analibe, banja analibe, ndipo anzake anali atasiya kalekale kumuitana.

Makalata ofunsira ntchito anatumiza mpaka kutopa, osayankhidwa ngakhale imodzi. Kwathu kuno akangoona kuti pa kalata yako pali zaka zisanu ndi zinayi zopanda kanthu, samawerenganso zotsatira.

Kenako chipatala china cha m'tauni chinalengeza kuti chikufuna munthu wolandira odwala achilendo, makamaka owotcherera zitsulo a ku Philippines ndi ku Nepal amene adzaza m'mafakitale opanga sitima zapamadzi. Za msinkhu sanatchule. Ankangofuna satifiketi ya mayeso olankhula Chingerezi, pofika kumapeto kwa Novembala. Apo n'kuti ili Ogasiti. Miran anadziwa kuti akaiphonya iyi, ina yosafunsa zaka sidzabweranso.

Mayesowa amafunsa za moyo wa tsiku ndi tsiku. Usanayambe umachonga pa kompyuta kuti umakhala ndi ndani, umakonda chiyani, umapita kuti, ndipo mafunso amachokera pa zimene wachongazo. Amaonjezerapo nkhani za m'dziko, monga za zinyalala, za nyumba, za okalamba.

Miran anakalembetsa pa kasukulu kokonzekeretsa anthu mayeso. Mphunzitsi wake, a Pyo, anamukhazika pansi tsiku loyamba.

"Mayi Seol, mukakhala ndi mpata mumakonda kutani?"

"Sindikudziwa, aphunzitsi."

"Loweruka lapitali munapita kuti?"

"Kukataya zinyalala."

"Nanga anzanu mumakumana nawo kangati pa mwezi?"

Miran manyazi anamugwira koopsa.

"Musadandaule," anatero a Pyo mokoma mtima. "Palibe amene amalowa mayeso awa ndi moyo wake weniweni. Tengani aka."

Kanali kabuku ka masamba makumi atatu. Miran wa m'kabukumo ankakhala pa nyumba yosanja yokhala ndi zenera lalikulu loyang'ana kunyanja. Ankathamanga kupaki m'mawa uliwonse, ankamwa khofi ndi anzake, anapitako ku Hawaii, ndipo anali ndi galu woyera dzina lake Kongi. Miran analoweza zonsezo, tsamba ndi tsamba. Zimene zinachitika ku Busan mwazimva kale.

"Munachonga zinthu zambiri," anatero a Pyo ataona zotsatira. "Galuyo mumuchotse."

"Ndimuchotse bwanji?"

"Musamuchongenso, basi. Kulibe galu."

Miran anabwerera kunyumba ali ndi chisoni chenicheni, ndipo chisonicho chinamusokoneza kwambiri. Munthu angalire galu woti sanakhalepo?

Ndiye anaganiza nzeru yake. Anati mwina vuto n'loti akunena zinthu zimene sanazichitepo. Anagula nsapato zothamangira. Anayamba kupita kupaki m'mawa, n'kumathamanga uku akubwereza ndime ya kuthamanga. Masana ankakhala m'kasitolo ka khofi, yekhayekha, akumwa khofi wowawa amene sankamukonda, n'kumabwereza ndime yonena kuti amacheza ndi anzake.

Kupakiko ndi kumene anamupeza Mayi Okbun, mnzake wa m'kalasi. Awa anali mayi a zaka 67, ogulitsa tinsomba touma pamsika. Ankaphunzira Chingerezi chifukwa mwana wawo anakwatira mkazi wa ku Cebu, ku Philippines, ndipo adzukulu ankangowayang'ana pa foni osamvana nawo. Mayeso sankalemba, ankangobwera kudzasokosa.

"Iwe Miran, akukuthamangitsa ndani?"

"Palibe, amayi. Ndikukonzekera mayeso," anayankha ali wefuwefu.

"Aa, ayamba kufunsa ndi miyendo yomwe? Ndiye ine ndalephera kale."

Miran anafotokoza. Mayi Okbun anaseka mpaka kugwira mtengo.

"Nanga ku Hawaii upita liti? Unditengeko, ndikakunyamulire chikwama."

Mayeso achiwiri anali mu Okutobala, ndipo anaposa oyamba kuipa. Atafunsidwa za kwawo, ananena za nyumba yosanja, kenako n'kunena kuti amakwera masitepe a kuphiri pochoka kumsika. Atafunsidwa za ulendo, anapezeka akuthamanga ku Hawaii ndi Kongi, galu amene anamuchotsa uja. Anaima, n'kubwerera, n'kuyambanso. Pofika pakati sankadziwanso kuti chenicheni n'chiti, cha m'kabuku n'chiti, ndipo chimene anachita n'cholinga choti chifanane ndi kabuku n'chiti. Anatuluka akudzifunsa ngati mutu wake ukugwirabe.

Mwayi unatsala umodzi, wa pakati pa Novembala. Miran anasiya kupita kusukulu.

Patapita masiku anapita kumsika kukagula tinsomba ta msuzi, ndipo anayesa kuzemba benchi ya Mayi Okbun. Sizinatheke.

"Ukundizemba? Khala apa. Manja akowo ali ndi ntchito yanji?"

Anamupatsa thireyi ya tinsomba kuti azichotsa mitu ndi matumbo. Kenako anatulutsa m'thumba la epuloni timakhadi ta mafunso timene ankagwiritsa ntchito m'kalasi, tonse tonunkha nsomba.

"Ine ndilibe woyeserera naye. Ndifunsa, iwe uziyankha. Aka kakuti, kodi m'dziko lanu okalamba amasamalidwa ndi ndani?"

Miran anawongola msana n'kuyamba m'Chingerezi cha m'kabuku: "M'dziko lathu chiwerengero cha okalamba chikukwera, choncho boma lakhazikitsa…"

"Taima. Bambo ako anawasamala ndani? Boma?"

"Zimenezo si za mayeso, amayi."

"Ine sindine mayeso. Anawasamala ndani?"

Miran anapitiriza kuchotsa mitu ya nsomba. Kenako anayamba m'chilankhulo chathu, motsitsa mawu. Ananena za kuwatembenuza bambo maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. Ananena za phala la mpunga limene ankalisefa kuti lisawatsamwe. Ananena za tsiku limene anawagwetsa m'bafa, onse awiri n'kukhala pansi akulira, kenako n'kuyamba kuseka. Analankhula mpaka thireyi inatha, kasitomala wina ataima pambali akumvetsera, zogula ataziiwala.

"Basi," anatero Mayi Okbun. "Tsopano nena zomwezo m'Chingerezi."

"Mawu ake sindikuwadziwa."

"Nanga a ku Hawaii unabadwa nawo? Kawafunefune."

Anakawafunafuna. Thewera. Chilonda. Kutembenuza. Kutsamwa. Tsiku lililonse ankabwera pa benchipo, akuchotsa mitu ya nsomba n'kumayankha kakhadi kamodzi kapena tiwiri. Za zinyalala ankazidziwa kuposa aliyense, poti ndi iye ankasankhira okalamba onse a mu msewu wawo mapulasitiki ndi mabotolo. Za kukhala wekha ankazidziwanso. Chingerezi chake chinali chothyokathyoka, ndipo Mayi Okbun ankamva mwina theka lokha, koma ankagwedeza mutu ngati woweruza.

Atabwerera kusukulu kukawauza a Pyo, iwo anagwira mutu.

"Mayi Seol, kwatsala milungu iwiri. Mukakayamba za maliro mukalira, ndipo kompyuta sidikira munthu wolira. Kabuku kaja kakhozetsa anthu ambiri."

Sankanama, ndipo Miran ankadziwa zimenezo. Anatuluka mutu uli zweee. Akakhala pamsika ankaona kuti Mayi Okbun akunena zoona. Akakhala m'kalasi ankaona kuti a Pyo akunena zoona. Mpaka m'basi yopita ku Busan tsiku la mayeso, anali asanasankhe. Kabuku kanali m'chikwama, timakhadi tonunkha nsomba tija m'thumba la jekete.

Pa kompyuta anachonga kuti amakhala yekha, ndiponso kuti sali pa ntchito. Anachonga kuphika ndi kuyenda wapansi.

Funso loyamba linabwera: "Fotokozani chipinda chimene mumachikonda m'nyumba yanu. Chasintha bwanji pa zaka zapitazi?"

Pakamwa panayamba pokha. "Chipinda chimene ndimachikonda chili ndi zenera lalikulu loyang'ana kunyanja…"

Anaima. Wotchi ya pa kompyuta inkayendabe.

"Pepani," anatero kuuza makinawo. "Ndanama. Zenera lalikulu ndilibe."

Ndiye anafotokoza chipinda cha bambo ake. Anati kale munali bedi yachitsulo ya kuchipatala, tsopano anaibweza, pangotsala zipsera zinayi pansi pamene inkaima miyendo yake. Anati chipindacho sachikonda kwenikweni, koma ndimo amadyera, chifukwa pa tebulo la kukhitchini sanazolowerenso. Mawu ena anawaiwala n'kuwazungulira. Misozi inabweradi monga ananenera a Pyo, ndipo nthawi inatha ali pakati pa chiganizo. Anapukuta m'maso n'kudikira funso lotsatira. Linali la zinyalala, ndipo pamenepo analankhula mpaka kompyuta inamudula.

Anatuluka osadziwa ngati wachita chanzeru kapena wataya ntchito ndi manja ake.

Zotsatira zinatuluka kutatsala masiku atatu kuti nthawi imene chipatala chinapereka ithe. Anaziona pa foni, n'kuzimitsa, n'kuyatsanso. Anali atafika pa mlingo umene chipatala chinkafuna. Miran sanakhulupirire. Anaimba ku ofesi ya mayeso.

"Pepani, mwina mwasokoneza dzina langa ndi la munthu wina. Ine ndinalira, komanso sindinamalize funso loyamba."

"Mayi," anatero mtsikana wa pa foniyo, "anthu amaimba kuno kudandaula kuti alephera. Inu mukudandaula kuti mwakhoza?"

Sabata yotsatira anamuitana kuchipatala. A Pyo anali atamukonzera yankho la funso limene aliyense ankadziwa kuti libwera. Akanene kuti ankathandiza bizinesi ya achibale. Mkulu wa anamwino, mayi wa nkhope yosaseka, anaika chala pa kalata yake.

"Mayi Seol, zaka zisanu ndi zinayi izi munali kuti?"

Miran anamuyang'ana m'maso.

"Ndinali pa ntchito," anatero. "Wodwala anali mmodzi, bambo anga. Sindinapitepo pa tchuthi."

Mkulu uja anaika cholembera pansi.

"Ine zinali zaka zisanu ndi chimodzi, ndikudwazika amayi anga," anatero. "Lolemba mukhoza kuyamba?"

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso muli ndi zaka zimene mumachita nazo manyazi, zimene mumazilumpha anthu akakufunsani. Mwina mwalephera kawiri, ndipo simukudziwanso kuti mumvere ndani. Miran nayenso sankadziwa, koma basi ija anakwerabe. Osataya mtima, ndipo zaka zanuzo musazibise, chifukwa simunazikhale pachabe. Kalembetseninso, mukayankhe ndi moyo umene muli nawo.