Amuna ouzira mpope ndi pakamwa

Lachiwiri lapitali alamu anga a Lufeyo, amuna a achemwali anga, anatsala pang'ono kutisiya chifukwa cha kamlomo ka mpope. Ankapopera thonje kumunda kwawo kuseri kwa Golomoti, kamlomo kaja n'kutsekeka. Mukuganiza kuti anafuna madzi oti akatsukire? Ayi ndithu. Anakamasula, n'kukaika pakamwa, n'kuuzira mpaka mankhwala kuwabwerera m'kamwa. Analavula, n'kupukuta milomo ndi malaya, ntchito n'kupitirira. Mwamuna weniwenitu ameneyo!

Dzuwa lisanafike paliwombo anali atagwa m'mizere, dovu lili chuchuchu, thukuta ngati awathira ndowa ya madzi, minofu ya m'miyendo ikunjenjemera yokha.

Akatswiri a m'mudzi sanachedwe. Wina akuti, "Amwetseni mkaka!" Wina akuti, "Apa pali dzanja la munthu, thonje lawo lachita bwino kwambiri chaka chino." Munthu akulephera kupuma, iwo ali kalikiliki kufunafuna mfiti. Achemwali ndi amene anakuwa kuti njinga yamoto ibwere, apo ayi bwenzi lero tikusesa pamaliro.

Kuchipatala, atawabaya jekeseni, ndinafunsa adokotala kuti kodi madzi osadzaza ndi supuni yomwe angagwetse bwanji chimunthu chonsechi. Anandiyankha mosavuta kumva.

"Mayi, kuti mutukule mkono, ubongo umatumiza uthenga kudzera m'mitsempha. Koma mtsempha sukhudza mnofu, pali kampata. Thupi limapanga timadzi totchedwa asetilikolini, ndi timene timaolotsa uthengawo. Alipo mankhwala ena oletsa thupi kupanga timadziti. Zikatero uthenga sufika, mikono imangoti lobodo, pamapeto pake chifuwa chimaleka kukoka mpweya. A thonjewa amachita zosiyana: amaletsa thupi kuchotsa timadziti tikamaliza ntchito, ndiye uthenga umangobwerabe osaleka mpaka minofu kutopa. Konsekonse mathero ake ndi amodzi, munthu amasiya kupuma."

Anawonjezera kuti mbozi ya m'thonje imafa chimodzimodzi, chifukwa nayonso ili ndi mitsempha.

Mwamva, inu abambo a kuno kumunsi? Mankhwalawo sadziwa kuti uyu ndi mbozi, uyu ndi bambo wa ana. Safunsa ngati muli ndi ndevu.

Koma pitani m'minda ya ku Mua mpaka ku Mtakataka mukaone. Wina akutakasa mankhwala m'ndowa ndi mkono, wina akupopera chifuwa chili pamtunda, mphepo ikumubwezera zonse kumaso. Akamaliza akuyatsa fodya osasamba m'manja. Mankhwala otsalawo akuwathira m'botolo la zakumwa n'kuwaika pansi pa bedi. Mnzawo akavala chotseka pamphuno ndi magolovesi amamuseka, ati, "Taonani adokotala! Ife tinayamba kupopera iwe usanabadwe."

Ee, munayamba kale. Ndiye mitsempha yanu inakhala yachitsulo?

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti umunawu umathera pamsana pa akazi. Wouzira mpope ndi bambo, koma wothamangira njinga, wogona pasimenti pachipatala, wosintha nsalu zonyowa ndi mayi. Achemwali anga akhala sabata yonse akuyang'anitsitsa chifuwa cha amuna awo ngati chikukwera ndi kutsika. Maso awo afiira, ine mtima ukundiwawa.

Dzulo a Lufeyo anayamba kulankhula. Ndinali pomwepo, ndikuyembekeza kuti mwina athokoza akazi awo. Koma iwo anati, "Amayi, mpope uja mwausunga bwino? Ndinasiya mizere ya kumunsi, ndikatuluka ndikamalize."

Achemwali anaika pansi kapu imene ankawamwetsera madzi.

"Mpope ulipo, bambo," anatero. "Koma tsiku limene mudzauikenso pakamwa, ine ndidzatenga ana. Za maliro anu ndidzamvera kwathu ku Mtakataka."