Mizere ya Choko pa Nsalu ya Aphunzitsi

Pashopu ina yosoka zovala ankamutchula kuti Nanga-Nanga. Dzinalo anadzipezera yekha. Ukamuuza kuti apinde siketi, ankafunsa, "Nanga ikafupika?" Ukati aisiye, "Nanga ikatalika?" Poyamba ankakwiya nalo, kenako anayamba kungoyankha akaitanidwa.

Anali mtsikana wowonda, wosalankhula zambiri. Ankakhala ndi achemwali ake, ogulitsa tomato, m'chipinda cha lendi kuseri kwa msika. Sukulu anasiyira panjira, koma sikuti anali mbuli. Pa mayeso ankalemba yankho, n'kulifufuta, n'kulilembanso, belu n'kulira pepala lisanafike pakati. Kusoka anaphunzira msanga, ndipo msoko wake unali wowongoka kuposa wa aliyense pashopupo. Vuto linali loti akasoka ankamasulanso. Ankanyamula chovala kupita nacho pazenera, n'kuona kukhota kumene wina aliyense sakuona, n'kutenga lezala. Zovala zina zinkafika kwa eni ake zili ndi timabowo ta singano m'mbali.

Maganizowo sankatsala pashopu poweruka. Kasitomala akatuluka osatsanzika, Nanga-Nanga ankayenda naye m'mutu mpaka kunyumba, akufufuza pamene anamulakwira. Panali mnyamata wina wokonza njinga amene ankamufuna. Tsiku lina anamulembera pafoni kuti, "Tionana." Mtsikanayo anawerenga mawuwo mpaka anapezamo kutopa, mwano, ndi mkazi wina. Anathetsa chibwenzi asanamuthetsere. Mnyamatayo mpaka lero sadziwa chimene analakwa.

Thupi nalo linayamba kudandaula. Mutu unkamuwawa kuseri kwa maso, mtima unkathamanga ali chikhalire, siketi zake ankangozibweza m'chiuno. Achemwali ake anapita naye kokayezetsa magazi. Sanapeze kanthu.

"Ndiye basi, uli bwino," anatero achemwaliwo potuluka. "Ungosiya kuganiza."

"Pozimitsira pake pali pati, achemwali? Mundionetse."

"Ana ulibe, mwamuna ulibe, ukuganiza chiyani iwe? Undibwereke mutuwo, ine ndili ndi zoikamo."

Pashopupo wodula nsalu anali m'modzi, bambo wachikulire amene onse ankamutchula kuti Asizasi. Maso awo anayamba kuchita chidima. Mwini shopu, mayi wa mawu ochepa amene antchito ankangomuitana kuti Amayi, anaitana Nanga-Nanga ku thebulo lodulira.

"Asizasi akupuma pantchito," anatero. "Thebulo ili likufuna munthu. Osoka ndimawapeza paliponse, wodula ndiye amagwira shopu. Nsalu iyi ndi ya aphunzitsi aja awakweza kukhala ahedi. Akufuna diresi yokayambira ntchito. Udule wekha. Ukadula bwino, thebulo ndi lako. Ukalephera ndiitana wina, iwe udzakalambira pa mipendero."

Nsaluyo inali yobiriwira, yolemera, yoterera m'manja. Aphunzitsi anachita kutumiziridwa ndi mwana wawo kuchokera kutali. Ina yotero m'misika yonse munalibe.

Aphunzitsiwo atabwera kudzayezetsa, Nanga-Nanga anawazunguliza tepi pachifuwa, m'chiuno, m'mapewa, kenako n'kuyambiranso.

"Mwana wanga, chiuno ndi chomwecho," anatero akuseka, manja ali m'mwamba. "Sichinasamuke."

Atapita, mtsikanayo anayala nsalu pathebulo n'kutenga choko. Ntchito yodula ili ndi lamulo lake. Umajambula mzere umodzi. Ukaukayikira, umaufufuta kaye usanajambule wina. Nanga-Nanga lamulolo ankalidziwa. Anajambula mzere, anauyang'ana, anaganiza kuti aphunzitsi mwina anakoka mimba poyezedwa. Anajambula wina kunja kwake. Kenako anakumbukira kuti nsaluyo imatamuka, ndipo diresi ikakula adzati wawasokera thumba. Anajambula wina mkati. Woyamba uja sanafufute, wachiwiri sanafufute.

Asizasi anabwera, anaweramitsa nkhope mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza nsalu.

"Ine maso ndilibe, koma apa ndikuona njanji. Sitima ikudutsa nthawi yanji?"

"Ndikungofananitsa, bambo."

"Fufuta, utsale umodzi."

"Nanga woyambawo ukakhala kuti ndiwo wolondola?"

"Udzaujambulanso. Choko chatha?"

Sanafufute. Nsalu inagona pathebulo, inagonanso. Mtsikanayo ankazungulira thebulolo ngati nkhuku yofuna poikira. Ankatenga sizasi, n'kuisiya, n'kupita kukamwa madzi, n'kubwera kudzayezanso. Chakudya cha masana chinkabwerera kunyumba chili chivundikire. Poyenda mumsewu ankadula diresiyo m'mutu, ndipo nthawi zonse inkalakwika. Ankaona aphunzitsi ataima patsogolo pa ana, msoko ukuphulika pamsana, ana akuseka. Ankadziona yekha atachotsedwa ntchito, atakhala pambali pa achemwali ake akupanga milu ya tomato, nayonso yosafanana.

Aphunzitsi anadutsa kudzafunsa. Amayi anawauza kuti zikuyenda, kenako anatembenukira ku thebulo.

"Lero nsalu idulidwe. Sindinenanso."

Nanga-Nanga anapukuta manja pasiketi, anagwira sizasi. Mbali yakutsogolo anadula motsata mzere wakunja. Anapuma, anatembenuza nsalu. Pofika kumsana mizere inali itaphatikizana, maso ake ali ndi thukuta, makina akulira kumbuyo kwake. Sizasi inalowa mzere wamkati. Inadula bwino, mowongoka, mpaka pansi.

Anazindikira pomanga mapini. Kutsogolo kunali kwa aphunzitsi, kumsana kunali kochepa ngati kwa kamtsikana. Nsalu yotsala sinkakwana ngakhale mkono umodzi.

Anapinda zidutswazo bwinobwino, anaziika pathebulo, analowa m'kachipinda kositira. Kumeneko mpweya unamuthera. Zala zinachita dzanzi, chifuwa chinamangika, makoma anayandikira. Anakhala pansi pafupi ndi dengu la zigamba, akudziwa ndithu kuti akufa.

Amayi anayamba afunyulula nsalu, anaona, kenako ndiye anamutsatira. Anatsegula zenera, anazimitsa simbi.

"Nsalu ndiyo yafa," anatero. "Iwe ulipo. Puma pang'onopang'ono. Asizasi, tapatseni madzi."

Anaima pomwepo mpaka mpweya unabwerera. Sanamusisite, sanamukalipire.

Kwa aphunzitsi, Amayi anati Nanga-Nanga akanene yekha. Ananena. Aphunzitsi sanaseke ulendo uno.

"Nsalu imeneyi anandigulira ndi mwana wanga," anatero. "Mukanandiuza kuti mukuphunzitsirapo munthu."

Analola kuti awasokere siketi ndi kabulauzi. Anadzatenga osayesa, ndipo pashopupo sanapondenso.

Thebulo linapita kwa mayi wina wochokera kushopu ina, wodula uku akucheza, choko chili kukhutu. Tsiku limene anayamba ntchito, Amayi anaitana Nanga-Nanga pakhomo.

"Thebulo sindikupatsa, waona wekha. Nsalu Asizasi anaonongapo zambiri ali mnyamata, si nkhani imeneyo. Ine ndasunga atsikana aulesi, ndasunga akuba ulusi. Iwe suli m'gulu limenelo. Iwe ukudwala."

"Anandiyeza magazi, Amayi."

"Si za magazi. Kuchipatala Lachinayi kumakhala anthu omva za maganizo. Mwana wa mchimwene wanga amapita, anasiya kudzitsekera m'nyumba. Upite m'mawa, ubwere masana. Kuli mayunifomu."

"Ndiye kuti ndine wamisala?"

"Sindinatero."

"Achemwali akuti ndingosiya kuganiza."

"Achemwali ako dzino likakuwawa amazula ndi iwo?"

"Nanga anthu akandiona pa benchi imeneyo?"

"Akakuona ndiye kuti nawonso ali pomwepo."

Lachinayi anapita. Anakhala pa benchi, anadzuka kuti abwerere, anafika pageti, anabwereranso kudzakhala. Pambali pake panali mtsikana wina wovala yunifomu ya kubanki, akuluma zikhadabo. Nanga-Nanga ataitanidwa analowa, ndipo anakhalitsamo. Zimene anakamba m'menemo sanauze munthu.

Sanachire tsiku limenelo, ndipo mpaka pano Lachinayi lililonse makina ake amakhala ovundikira mpaka masana. Thebulo ndi la wina. Masiku ena amadya, masiku ena ayi.

Lachinayi loyambalo anafika pashopu dzuwa litapendeka, maso ali otupa. Palibe anamufunsa kanthu. Amayi anamukankhira mulu wa mayunifomu odulidwa kale.

"Yamba makolala," anatero.