Eriyo Yopindika ya a Chavula

A Flywell Chavula anapuma pa ntchito mu 1995, atakonza mawailesi a mauthenga a m'maesiteti a fodya kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Area 25, kuseri kwa msika wa Nsungwi, m'nyumba yomwe anaimanga chipinda chimodzi chimodzi ana akukula. Anali bambo wamfupi, wadazi, mkulu wa mpingo, ndipo m'thumba la malaya awo simunkasowa kasikuludiraiva, ngakhale tsiku la mgonero. Kwawo kunali ku Rumphi, cha ku Bolero, koma kumeneko ankapondako kamodzi pa zaka ziwiri.

Zaka zonsezo ankangokonzera ena. Wailesi ikachira, ankaiyesa ndi mawu awiri atatu n'kuibweza kwa eni ake. Chimene mtima wawo unkafuna chinali kukhala ndi yawoyawo, ya mtundu uja anthu amangochezerapo ndi anzawo a kunja kwa nyanja popanda za malonda. Kale munthu wosunga wailesi yotumiza mawu ankafunsidwa mafunso ambiri, choncho a Chavula anangoumeza mtimawo. Zinthu zitasintha m'dziko, anakalemba mayeso, nalandira laisensi, naipachika pakhoma pamwamba pa chithunzi cha ukwati.

Kuika wailesiyo m'nyumba sikukanatheka. Poloti inali yaing'ono, magetsi ankathimathima, ndipo chigayo cha kuseri chikalira, wailesi iliyonse inkangosokosa ngati mafuta pamoto. Maso awo anagwera pa pikapu yoyera imene anagula atapuma ntchito. Vuto linali lakuti pikapuyo inagulidwira akazi awo, a Mabel NyaKayira, amene ankagulitsa mpunga, nyemba ndi mbatatesi pa Nsungwi.

"Galimoto ndi yanu, NyaKayira," anatero a Chavula. "Ine ndikungopempha kangodya."

"Ngodya ya inu ndimaidziwa, bambo a Sungeni. Munapemphanso kangodya pa tebulo lodyera. Lero timadyera pamwendo."

Ku Area 18 kunali injiniya wina wa za madzi wochokera kunja amene ankabwerera kwawo, ndipo ankagulitsa mawailesi awiri. A Chavula anapitako katatu asanasankhe, ulendo wachitatu atatenga akazi awo. Yoyamba inali yaing'ono ngati buku la nyimbo, yokwana pansi pa chiwongolero, eriyo yake yosaposa mkono, koma mawu ake ankathera m'Lilongwe momwemo. Yachiwiri inali yolemera ngati theka la thumba la simenti, yokhala ndi mabatani ochuluka, ndipo inkaoloka nyanja.

"Tengani kakang'onoko," anatero a NyaKayira.

"Ndizilankhula ndi ndani? M'tauni muno a laisensi amene ndikuwadziwa tilipo atatu. Mmodzi ndi uyu akupakirayu. Winayo ndimakumana naye pa depoti, ndipo nkhani zake ndinazimva zonse."

Anatenga yaikuluyo. Anaimangirira pakati pa mpando, nakoka mawaya awiri okhuthala mpaka ku batire, naikapo fyuzi. Kuyambira tsikulo a NyaKayira ankakwera pikapu yawo chopendekera, phewa litakanirira pachitseko.

Kenako panabwera za eriyo. Injiniya uja anawapatsa eriyo ziwiri. Ina inali yaifupi, yokhala ndi chotupa pakati ngati botolo. Inayo inali chitsulo chowonda chotalika pafupifupi mamita atatu, cholendewera ngati nsungwi yaiwisi. A Chavula anakhala sabata yathunthu akujambula m'kope, ndipo anamaliza ndi kunena kuti yaifupi imadya mawu, yaitali ndiyo imawaponya kutali. Anapita nayo kwa Che Kasimu, mmisiri wowotcherera wa ku Mangochi amene ankapanga mawindo ndi zitseko m'mbali mwa msewu.

Che Kasimu anaizunguza m'manja, naiyang'ana kuyambira kunsi mpaka kunsonga.

"A Chavula, mbedza ngati iyi kwathu timaponya m'madzi. Inu mukufuna kuwedza chiyani kumwambaku?"

"Mungondiwotcherera poimika, achimwene. Padenga."

"Padenga ayi. Mukayatsa Area 25 yonse ndi mawaya a magetsi, inu n'kupsera momwemo. Tiike pa bampala."

"Pa bampala thupi la galimoto liziphimba mawu."

Anakangana mpaka Che Kasimu anapita kukaswali ku mzikiti n'kubwerako, mkangano n'kupitirira pomwe unalekera. Anagwirizana zoika pangodya ya kumbuyo, pamwamba pa nyali. A Chavula anapala penti pamalopo mpaka chitsulo kuwala, ati kuti eriyo igwirane bwino ndi thupi la galimoto. A NyaKayira ataona chipseracho anangochiyang'ana nthawi yaitali.

Loweruka lotsatira a Chavula anapita pamtunda wina cha ku Lumbadzi, kutali ndi chigayo, nathimitsa injini kuti amve bwino. Anaitana kwa ola lathunthu. Kenako m'kati mwa phokoso munatuluka mawu a bambo wina wa ku Japan. Anauzana mayina, anauzana kuti akumvana bwanji, wa ku Japan uja anati kwawo kukuzizira, a Chavula anati kuno dzuwa likuswa mtengo, basi n'kutsanzikana. A Chavula anapukuta maso ndi kansalu. Atati alize galimoto, batire inali itatheratu. Anawakankha ndi azibambo anayi amene ankapita ku maliro, ndipo a Chavula anachita kuwaperekeza pa galimotoyo mpaka kusiwa. Kuyambira pamenepo ankaimika galimoto potsetsereka, mwala uli kutayala.

Mbiri inawanda mofulumira. Lolemba m'mawa pakhomo panali anthu asanu ndi awiri, ambiri a iwo a kumpoto, aliyense ndi uthenga wopita kwawo. Woyamba anali mayi Martha Nyasulu, a mvano, amene ankafuna kudziwa ngati apongozi awo anatuluka m'chipatala ku Bolero.

A Chavula anawafotokozera zinthu ziwiri. Choyamba, laisensi yawo sinkalola kunyamula mauthenga a anthu ena. Chachiwiri, ngakhale ikanalola, eriyo yoimirira imaponya mawu chopendekera, mawuwo n'kukagunda kumwamba n'kukagwera kutali kwambiri, kudumpha malo onse apafupi.

"Ndiye kuti ku Japan mukufika, koma ku Rumphi ayi?"

"Ndi momwemo, amayi."

"Ku Japanko muli ndi abale?"

"Ayi."

"Nanga mumauzana chiyani?"

"Za nyengo."

Mayi Nyasulu anamanganso chitenje chawo, nati, "Pepani, bambo. Tizikupemphererani."

Chaka chimenecho a Chavula analankhula ndi anthu a ku Brazil, ku India, ku Italy, ndipo aliyense ankamulemba m'kope ndi kumubaya ndi singano pa mapu. Koma m'misewu ya Nsungwi eriyo ija inali mdani wa aliyense. Inkayoyola mango osapsa. Inathothola lona ya wogulitsa kaunjika. Tsiku lina inakola chingwe choyanikira zovala cha mayi Mwanabibi, akazi a Che Kasimu, ndipo a Chavula anayenda mpaka pa siteji ya minibasi zitenje zitatu zikuuluka kumbuyo, iwo akubweza moni kwa anthu amene ankawaimika.

Apo a NyaKayira anatopa. Loweruka lina m'mawa, akupita kukatenga matumba a nyemba ku Mponela, anagwira nsonga ya eriyo, naipinda kudutsa pamwamba pa denga, naimanga kutsogolo ndi legeni yomangira katundu. Inakhala ngati uta. A Chavula anadandaula njira yonse kuti chitsulocho chipunduka.

Ku Mponela, akazi awo akukambirana ndi alimi, a Chavula anatsala m'galimoto. Chifukwa chosowa chochita anayatsa wailesi, eriyo ili chimangire, natembenuza mabatani mpaka wailesiyo inagwirizana nayo. Nthawi yomweyo munatuluka mawu amphamvu ngati munthuyo wakhala pa mpando womwewo. Ankaitana m'Chingerezi, koma Chingerezi chake chinali cha kwawo kwenikweni. A Chavula anayankha.

Anali bambo Enerst Nyirongo, mphunzitsi wopuma, amene ankasamala wailesi yosiyidwa ndi m'busa wina wa kunja pa mishoni ina kufupi ndi Bolero. Nawonso anali ndi laisensi, ndipo kwa zaka ziwiri sanamvepo munthu wa ku Lilongwe. A Chavula anazindikira msanga chimene chachitika. Eriyo yogona inkaponya mawu molunjika kumwamba, mawuwo n'kugwera pafupi ngati mvula.

"Mwati ndinu a Chavula," anatero mawu aja. "Chavula uti? Flywell, wamfupi uja anakwatira Mabel NyaKayira?"

Dzinalo tsopano a Chavula analikumbuka bwino. Enerst Nyirongo ndiye ankalembera Mabel makalata mu 1966, mnyamata wamtali woimba tenala m'kwaya, wokhala ndi njinga yakeyake pamene Flywell ankayenda pansi.

"Ndi yemweyo," anayankha. "Koma sindine wamfupi kwenikweni."

Pamenepo a NyaKayira anafika pawindo, thumba la nyemba lili pamutu.

"Mawu awo si a Enerst? Akadali moyo?" Anaseka mpaka thumba linatsala pang'ono kugwa. "Apatseni moni. Afunseni ngati akuimbabe."

"Lamulo silikulola," anatero a Chavula, nathimitsa wailesi.

Atafika kunyumba anamasula legeni ija, eriyo n'kuimanso chilili. Masabata atatu analankhula ndi Japan yekhayekha. Koma a NyaKayira anali atauza kale amayi onse a mvano kuti wailesi yafika ku Bolero, ndipo anaonjeza kuti galimoto yawo silowanso mumsika eriyo itaimirira. Mayi Nyasulu anabweranso. Abusa nawo anafunsako mwaulemu pambuyo pa mapemphero. Nawonso a Chavula, kunena zoona, ankafuna kudziwa ngati denga la nyumba ya mayi awo linapirira mphepo ya chaka chimenecho.

Anabwerera kwa Che Kasimu kuti awapangire kambedza kokolera nsonga ya eriyo kutsogolo.

"Ndakhala ndikuwerengera," anatero a Chavula, "ndipo ndapeza kuti ikapindika madigiri oyenera imafika kumpoto."

"Eya," anatero Che Kasimu akuyatsa makina. "Masamu ake ndinawaona. Anali a legeni."

Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse nthawi ya teni koloko a Chavula ankapinda eriyo n'kuitana Bolero. Popeza onse awiri anali anthu osunga lamulo, sankatumiza uthenga wa munthu aliyense. Ankangokamba za nyengo.

"Mvula yagwa bwanji cha kwa a Nyasulu?"

"Yagwa bwino ndithu. Yapeza gogo atatuluka m'chipatala, akudya okha. Nanga kwanuko mitambo ikuti bwanji?"

"Kuno kuli mphepo yochokera kwa a Harawa. Ikuoneka kuti ifika kumeneko ndi basi ya Lachinayi, ili ndi mwana wakhanda."

Anthu ankaima mozungulira pikapu kumvetsera nyengoyo, ena atanyamula mipando. Za nyengo zikatha, akuluakulu awiriwo ankayamba kukangana. Ankatsutsana za chaka chimene mlatho wina unakokoloka, za amene anali woyamba m'kalasi, za katchulidwe koyenera ka mawu a Chingerezi. A Nyirongo sankalephera kutsiriza ndi kufunsa ngati mvula ikugwa bwino pa NyaKayira, ndipo a Chavula ankayankha kuti pamenepo pali denga labwino.

Mu 1998 a Nyirongo anabwera ku Lilongwe kudzaonetsa maso kwa dokotala. A Chavula anavala jekete la ku tchalitchi ndi nsapato za chidendene chachitali, napita kukawachingamira ku depoti. M'basi munatsika nkhalamba yowonda, yowerama, ya mano atatu, itanyamula nkhuku ndi kathumba ka mtedza. A Chavula anailandira katundu mosangalala kuposa mmene ankayembekezera, ndipo pobwerera anagulira mlendoyo chipewa.

Anakhala nawo masiku anayi. Chodabwitsa chinali chakuti maso ndi maso nkhani zinawathawa. Ankakhala pakhonde, wina n'kutsokomola, wina n'kunena kuti kwatentha, kenako zii. Amene ankacheza ndi mlendoyo anali a NyaKayira, kufunsa za anthu amene anamwalira ndi amene anakwatiwanso. Tsiku lachitatu anamupempha kuti aimbe. Anaimba ndime imodzi ya nyimbo ya m'buku, mawu akuthawira m'mipata ya mano, ndipo a Chavula anaombera m'manja mokweza kuposa onse.

Lachisanu anawaperekeza ku basi. Loweruka lake a Nyirongo anali asanapumule n'komwe, koma itangokwana teni koloko anali kale pa wailesi, akudandaula kuti matiresi a kwa a Chavula ndi olimba ngati benchi ya kalasi. A Chavula anawakumbutsa kuti anagonapo mpaka dzuwa kufika pamutu. Anakangana ola limodzi ndi theka, mpaka a NyaKayira anagogoda pawindo kuti mbatatesi zikuwadikira ku msika.